Amasungiranji masamba a chiwawu m'makabati?

Mayi ena a ku Khombedza, konkuno ku Salima, anditumizira imelo. Akuti mwana wawo amene akuphunzira zaulimi wawauza kuti akatswiri amasunga masamba a chiwawu m'makabati kwa zaka zambirimbiri. Ndiye akufunsa kuti: "Bwanji osangowatentha? Kumeneko si kuweta matenda?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Chiwawu chenicheni, chija chimasiya fumbi lofiirira ngati dzimbiri pachala mukakhudza kunsi kwa tsamba la mtedza, chimayamba ndi kafangasi kamene sikakhala moyo popanda tsamba lamoyo. Tsamba likauma n'kukhalitsa, nako kamafa. Komanso asanaliike m'kabati amayamba aliika mufiriji masiku angapo kuti tizilombo todya masamba tife.

Nkhani yagona pamenepo. Mafangasi ambiri amatheka kuwameretsa m'kambale mu labotale, koma chiwawu nthawi zambiri chimakana. Wofuna kuchisunga amangothyola tsambalo, kulipanikiza pakati pa manyuzipepala mpaka liume gwa, n'kuliika m'kaenivelopu. Pamwamba amalemba mbewu yake, malo, tsiku ndi dzina la wotola. Ine ndimati kapepala kameneka ndiye chuma. Tsamba lopanda kapepala ndi chinyalala basi.

Kwathu kuno zomera zouma zimasungidwa ku National Herbarium ku Zomba. Ku Kew, malo ofufuzirako za zomera mu London, kuli mafangasi ouma opitirira 1 miliyoni, ena otoledwa m'zaka za m'ma 1800.

Nanga phindu lake? Taonani chimanga. Chili ndi mitundu iwiri ya chiwawu imene ndi maso okha munthu angaisokoneze: Puccinia sorghi, yokonda kozizira, ndi Puccinia polysora, yokonda kotentha ndi kwachinyezi ngati kuno kunyanja. Yachiwiriyi inaoneka koyamba mu Africa ku Sierra Leone mu 1949, ndipo m'zaka zochepa inali itafika kum'mawa kwa Africa. Kuti munthu anene molimba mtima kuti matenda ndi achilendo, ayenera kutsegula maenivelopu akale, kuika fumbi lija pa maikulosikopu, makina oonera tinthu ting'onoting'ono, n'kufananitsa. Masiku ano amathanso kutenga DNA pa tsamba limene linauma agogo athu asanabadwe.

N'chimodzimodzi khofi: chiwawu chake, Hemileia vastatrix, chinapatsidwa dzina mu 1869 kuchokera pa masamba ouma otumizidwa ku England kuchokera ku Ceylon, yomwe lero ndi Sri Lanka.

Tsono za m'munda mwanu ndi zina, mayi. Mtedza womera wokha mukakolola muziuzula, chifukwa ndi umene umasunga chiwawu chamoyo mpaka dzinja lina. Mwanayo akabwera pa holide, muuzeni akupanikizireni tsamba limodzi m'buku, alembe deti, akawaonetse alangizi kapena a ku malo ofufuzirako zaulimi ku Chitala.