Ngati tinachokera kwa anyani, bwanji anyaniwo akadalipo?

Achimwene, funso lanuli ndimalimva kawirikawiri, ngakhale m'minibasi ya ku Matero. Asayansi sanena kuti nyani wa ku Luangwa anabereka munthu ayi. Amati ife ndi achimpanzi tili ndi kholo limodzi lakalekale. Inu ndi msuweni wanu muli ndi agogo amodzi, koma palibe amene anabereka mnzake.

Umboni wina ndi wakwathu konkuno. Mu 1921 okumba mgodi ku Kabwe anafukula chigaza cha munthu wakale, chamafupa otundumuka pamwamba pa maso, cha zaka pafupifupi 300,000. Mpaka lero chili ku London, ndipo zimandiwawa kuti ana athu a kuno ku Lusaka amangochiona pazithunzi.

Kumbukiraninso chloroquine. Ankachiritsa malungo bwinobwino, kenako tizilombo tolimba tinapulumuka n'kuswana, mankhwalawo n'kusiya kugwira ntchito, dziko n'kusamukira ku Coartem. Kusintha kwa zamoyo kumene asayansi akunena ndi kumeneku, ndipo tinakuona ndi maso athu.

Ine kutchalitchi sindijomba. Genesis amandiuza amene analenga, pomwe mafupawo akundionetsa njira imene anadzera. Papa John Paul II nayenso mu 1996 anavomereza kuti chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyochi chili ndi umboni wolimba.