Kwa achemwali amene akubwera ku Manchester mu Okutobala

Achemwali, mwafunsa zoti munyamule komanso mmene mungakonzekere pamene mukubwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Manchester. Za zovala musade nkhawa, jekete lolimbana ndi mvumbi wakuno mudzaligula konkuno. Ufa wa chimanga, makamaka wa Iwisa wochokera ku South Africa, umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa. Nyama ndi mkaka musanyamule chifukwa salola kulowa nazo, koma mthiko ndi chipande musaziiwale.

Chimene ndikufuna mukonzekere ndi mtima wonse ndi mdima komanso kusungulumwa. Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo pofika Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa n'kulowa 4 koloko isanakwane, kotero kuti wogwira shifiti ya maola 12 amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerako kulinso mdima. Chaka changa choyamba ndinkadya nsima ndili chiimirire m'khitchini, ndikumva mapazi a munthu wa m'chipinda cham'mwamba, amene tinakhala nyumba imodzi miyezi isanu ndi itatu osadziwana maina. Anthu akuno si ouma mtima ayi. Kwa iwo kusasokoneza mnzako ndiwo ulemu, ndipo palibe amene angangofika pakhomo n'kunena odi musanapangane. Ine zimenezi zinandipweteka kuposa chisanu.

Choncho sabata yoyamba yomweyo, mdima usanakule, funafunani tchalitchi kapena gulu la Amalawi, ndipo mukakumana nawo yambani ndinu kupempha manambala a foni, musadikire kuitanidwa. Mulembetsenso kuchipatala cha GP (dokotala woyamba kumuona mukadwala) cha m'dera lanu, kulembetsako n'kwaulere. Bungwe la boma loona zaumoyo kuno, la NHS, limalangiza kumwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife akhungu lakuda limati ndi bwino kumwa chaka chonse.

Ndi a kumudzi mupangane tsiku ndi nthawi yoimbirana, pokumbukira kuti m'nyengo yachisanu Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri. Mukaweruka 8 koloko usiku, amayi amakhala atagona kale. Muwauzenso poyera kuti miyezi yoyambirira ndalama zambiri zimathera ku lendi, msonkho wa khonsolo ndi gasi wotenthetsera nyumba, kuti asaganize kuti mwawataya.

Mukafika mundidziwitse, Loweruka lanu loyamba mudzadyere kwathu. Usipa ndili nawo.