Nyenyezi zotentha zimene zimabisala pambali pa zinzake

Funso: Ndine mphunzitsi wa fizikisi kuno ku Ngabu. Ndamva zoti munthu angathe kutulukira nyenyezi za hot subdwarf zimene akatswiri anaziphonya. Telesikopu ndilibe, ndili ndi laputopu ndi bandulo basi. Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, telesikopu isakusowetseni tulo. Utsi wa nzimbe wa ku Nchalo sukhudza ntchitoyi, poti zonse zinajambulidwa kale kuthambo.

Hot subdwarf ndi mtima wa nyenyezi imene inasendedwa hydrogen yakunja, kawirikawiri ndi inzake yozungulirana nayo. Imalemera pafupifupi theka la dzuwa, imatentha madigiri 20,000 mpaka 40,000, ndipo imaoneka yabuluu.

Lowani mu Gaia Archive, nkhokwe ya pa intaneti ya miyezo ya nyenyezi imene setilaiti ya Gaia inatenga, musankhe gawo lotchedwa DR3 la 2022. Musakopere zonse, bandulo ingathe musanayambe. Pemphani kachigawo kamodzi ka thambo, nyenyezi zokhazo zimene parallax yake (muyezo wosonyeza mtunda wa nyenyezi) ikuposa cholakwika chake kasanu. Mu pulogalamu ya TOPCAT werengerani kuwala kwenikweni: G (kuwala kumene Gaia inayeza) kuphatikiza 5 log parallax (mu milliarcsecond), kuchotsa 10. Sungani za pakati pa 3 ndi 6.

Apa ndi pamene ambiri amataya nsomba ndi madzi omwe. Amangotola zabuluu, za BP-RP (muyezo wa mtundu wa nyenyezi mu Gaia) yochepera 0. Koma subdwarf ikakhala ndi inzake yonga dzuwa, kuwala kwa ziwirizi kumasakanikirana, mtundu n'kufiirira, ndiye sefa imaitaya. Fumbi la mu Milky Way limachitanso zomwezo. Choncho zofiirirako zifananizeni ndi za GALEX, telesikopu ya kuthambo imene inkajambula ultraviolet kuyambira 2003. Nyenyezi yooneka wamba koma yowala mopitirira mu FUV (far ultraviolet ya GALEX), imeneyo muiike chizindikiro.

Kenaka tengani za setilaiti ya TESS pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Lightkurve, muone ngati kuwala kumakwera ndi kutsika. Subdwarf yodziwika ya HW Virginis imaphimbana ndi inzake maola 2.8 aliwonse, yesererani pa imeneyo kaye. Chenjerani: pikiselo imodzi ya TESS ndi ma arcsecond 21, moti kuthwanima kungakhale kwa nyenyezi yoyandikana nayo. Komanso ngati subdwarf yakokedwa ndi inzake n'kukhala ngati dzira, imawala kawiri pa ulendo umodzi, kompyuta n'kukupatsani theka la nthawi yeniyeni.

Musanauze ophunzira kuti mwatulukira, fufuzani mu SIMBAD ndi VizieR, nkhokwe za nyenyezi zodziwika kale. Mndandanda wa katswiri Geier wa 2019 wokha uli ndi nyenyezi pafupifupi 40,000 zoganiziridwa kuti ndi hot subdwarf. Nyenyezi yanuyo ikasowa mmenemo, ikadali yongoganiziridwa mpaka wina ataijambula spectrum, chifukwa ma white dwarf ena, zotsalira za nyenyezi zakufa, amaoneka ngati subdwarf.