Chithunzi chikuti zili bwino, koma miyendo ikulemera

Mayi wina amene akudwala multiple sclerosis, matenda owononga mitsempha ya mu ubongo ndi m'msana, andilembera imelo kuti dokotala wawauza kuti chithunzi cha MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, sichikuonetsa zipsera zatsopano mu ubongo, chonsecho miyendo yawo ikulemerabe mwezi ndi mwezi, ndipo akufunsa ngati vutolo lili m'maganizo mwawo chabe.

Funsoli landifika pamtima chifukwa achemwali anga, amene akukhala ku Manchester, anadutsa m'njira yomweyi. Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala, ndipo dokotala anatembenuza kompyuta n'kutionetsa timadontho toyera mu ubongo wawo, akumwetulira kuti sitinawonjezeke. Achemwaliwo anathokoza mwaulemu monga tinaleredwera, koma titatuluka anakhala pansi kawiri tisanafike pokwerera basi, ndipo anandifunsa ngati ndikuganiza kuti akungodzimvera chisoni. Ndinawauza kuti akhulupirire makina, ndipo yankho limenelo ndimachita nalo manyazi mpaka lero.

Matendawa amachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chiwononge myelin, chophimba cha mitsempha chimene chimagwira ntchito ngati pulasitiki wokutira waya wa magetsi, ndipo pamene pawonongeka pamatsala chipsera. MRI inayamba kuonetsa zipserazi mu 1981 ku London, ndipo kuyambira mu 2001 malamulo a McDonald, amene madokotala amatsatira, anaipatsa malo aakulu potsimikizira matendawa. Sindikuinyoza ayi, pakuti imaona zipsera zatsopano zambiri zimene wodwala sazimva n'komwe, ndipo akabaya gadolinium, mankhwala othandiza kuti chithunzi chioneke bwino, m'mtsempha wa magazi, malo amene akutupa panopa amawala kwa milungu ingapo.

Koma kuwerenga madontho si kuyeza mphamvu ya munthu, ndipo apa sindigonja kwa aliyense. Akatswiri eniake, monga Frederik Barkhof wa ku Amsterdam, analemba kalekale kuti kuchuluka kwa zipsera sikumagwirizana kwenikweni ndi kulumala kwa wodwala. Chipsera chimodzi chaching'ono mu mtsempha waukulu wa m'msana chikhoza kufoola miyendo, pamene zipsera khumi pamalo ena a ubongo sizingasinthe kayendedwe n'pang'ono pomwe. Palinso kuchepa kwa ubongo wenweniwo, kumene mwa odwalawa kumafika pafupifupi theka la peresenti mpaka peresenti imodzi pachaka, mofulumira kuposa mwa anthu abwinobwino, ndipo kusintha kochepa chonchi diso la munthu silingakugwire poyang'ana chithunzi chimodzi. Ngakhale kuyezako kuli ndi msampha wake, chifukwa mankhwala akachepetsa kutupa ubongo umaoneka ngati wachepa m'miyezi yoyamba, ndiponso kusintha makina kapena kuchepa kwa madzi m'thupi kumasokoneza manambala.

Achemwali anga atapeza dokotala wina amene anajambulanso msana, chipsera chinapezeka m'khosi, pamene panali pasanayang'anidwe kwa zaka zingapo.

Nanga inu muchite chiyani?

Mayi, kusasintha kwa chithunzi sikutanthauza kuti vuto lanu ndi la m'maganizo chabe. Funsani ngati msana unajambulidwa, pemphani kuti chithunzi chatsopano achiyerekeze ndi choyambirira penipeni osati cha chaka chatha chokha, ndipo muwapemphe akuyezeni ndi wotchi nthawi imene mumatenga poyenda mtunda waufupi wofanana ulendo uliwonse, n'kuilemba m'fayilo yanu.