Dazi layamba, ukwati uli pafupi: yankho langa kwa mnyamata amene wandilembera

Kalata imene yandipeza pa imelo sabata yathayi ndi yaifupi. Mnyamata wa zaka 26 akuti tsitsi la m'mbali mwa chipumi likubwerera m'mbuyo, pa liwombo payamba kuoneka khungu, ukwati wayandikira, ndiye akufunsa ngati mafuta omwe akuwaona pa Facebook angamuthandize. Kumapeto kwake analemba kuti, "Chonde musandiseke."

Achimwene, sindingakusekeni. Njira mukuyendayo ndinadutsamo, ndipo ndikudziwa mmene mtima umawawira.

Dazi langa linayamba ndisanakwatire. Anandiuza ndi wometa. Anazimitsa mashini, n'kutenga kagalasi kakang'ono kaja amaonetsera kunkhongo, n'kukaimika pamwamba pa mutu wanga, amvekere, "Bwana, apa payamba kupita, tingochotsa lonse?" Pabenchi panali anthu odikira, onse anaphulika kuseka. Ine ndinaona kabwalo kotuwa pakati pa mutu, tsitsi lake lopyapyala, lofewa, losiyana ndi linzake la m'mbali. Ndinalipira n'kutuluka osayankha. Kuyambira pamenepo chipewa chinakhala mnzanga. Kumsika chipewa, ku mpira chipewa, paminibasi ndinkakonda mpando wakumbuyo kuti wina asamandiyang'ane pamutu. Kutchalitchi kokha, komwe mwamuna savala chipewa, ndi kumene kunkandivuta, moti ndinkapemphera maganizo ali pa anthu okhala kumbuyo kwanga. Pazithunzi za chinkhoswe changa ndinaimika mutu ngati msilikali, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma kuopa kuti ndikawerama wojambula agwira paliwombo. Munthu amene sizinamuchitikire amati ndi nkhani yaing'ono. Si yaing'ono. Mnyamata amadzuka m'mawa n'kupeza tsitsi papilo, n'kuyamba tsiku ali wofooka kale.

Ndipo chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti palibe anandiuza kuti vutoli lili ndi dzina, lili ndi chifukwa chake chodziwika, komanso lili ndi mankhwala oyesedwa. Aliyense anali ndi nzeru zake. Azakhali ankati ndimaganiza kwambiri. Mnzanga wina ankati ndi chipewa chomwecho chikutsamwitsa tsitsi. Wina anandigulitsa kabotolo ka mafuta onunkhira anyezi, kopanda pepala lonena zimene zili m'katimo, n'kundilonjeza kuti mwezi usanathe ndidzafuna chipeso. Ambiri ankangoti, "Usadandaule, dazi ndi chuma."

Mawu amenewo sindiwakondanso ngakhale pang'ono. Mu 2017 apolisi a ku Mozambique anachenjeza amuna adazi atapeza kuti ena aphedwa m'boma la Milange, pafupi pomwepa kungodutsa malire a Muloza ku Mulanje, chifukwa cha chikhulupiriro chakuti m'mutu mwa munthu wadazi muli golide. Anthu anafa chifukwa cha bodza. M'mutu mwa wadazi mulibe golide, mulibe chizimba, mulibe tsoka. Muli magazi ndi ubongo monga mwa wina aliyense.

Chimene chimachitika n'chakuti m'thupi la mwamuna muli homoni ya testosterone, ndipo gawo lina la homoniyi limasandulika kukhala ina yotchedwa DHT. Mwa anthu ena, malinga ndi mtundu wa kwawo, mizu ya tsitsi la pachipumi ndi paliwombo siigwirizana ndi DHT. Muzu suferatu tsiku limodzi. Tsitsi lililonse limakula kwa zaka zingapo, n'kugwa, lina n'kumera pomwepo, ndipo n'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira. Koma muzu umene DHT yaugwira umatulutsa tsitsi locheperako ulendo uliwonse, lalifupi, lopyapyala, ngati chimanga cha m'munda woguga chimene phesi lake limanka lichepa chaka ndi chaka, mpaka kumangotuluka kaubweya kosaoneka. Tsitsi la kunkhongo ndi la m'mbali mwa makutu silimva DHT, n'chifukwa chake agogo adazi lonyezimira amakhalabe ndi tsitsi kuzungulira m'munsimu. Katswiri wina wa za thupi la munthu wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kale mu 1942 kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sachita dazi, pokhapokha atapatsidwa testosterone. Taonani kutalika kwa nthawi imene nkhaniyi yakhala ikudziwika, ife tikadali kunamizira chipewa.

Kwathu timakonda kunena kuti yang'ana mutu wa amalume ako. Pali choona pamenepo, chifukwa chimodzi mwa zinthu zazikulu zobweretsa dazi mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake. Koma si chokhacho. Kuchimuna nakonso kumathandizira. Amalume anga anamwalira tsitsi lili thothotho, pamene bambo anga dazi linawafika kunkhongo.

Tsono za mafuta aja mwafunsa. Ndinena mosapsatira: musagule. Poyamba ndinkati mwina ena amathandizako pang'ono, koma ndikamaganizira anyamata amene amalandira malipiro osakwanira n'kukapereka theka kwa munthu wosakaniza mafuta a nsatsi ndi anyezi kuseri kwa nyumba, ndimaona kuti kumeneko n'kuba basi. Mafuta amafewetsa tsitsi, amaliwalitsa, angachepetse kuthothoka kwa tsitsi louma. Koma DHT saifikira. Zithunzi zawo zija za "kale" ndi "tsopano" muziziyang'anitsitsa: choyamba anajambula mutu wonyowa padzuwa, chachiwiri tsitsi louma lopesedwa bwino m'nyumba. Ngati wogulitsa sangakuuzeni zimene zili m'botolo, botololo lisafike pamutu panu.

Ndisanapitirire, pali amayi amene amawerenga kuno ndipo sindingawadumphe. Mlongo wanga tsitsi la m'mphepete mwa chipumi linamuthera, iye n'kumaganiza kuti ndi dazi la kubanja kwathu. Silinali dazi. Kunali kuluka kokoka kwa zaka zambiri, meshi yolemera pa tsitsi lothira kale mankhwala owongola, mpaka kugona movutika usiku woyamba chifukwa cha kuwawa. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, atachita kafukufuku m'dera la Langa mumzindawo anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto lotere. Likagwidwa msanga tsitsi limabwerera, likachedwa mizu imasanduka chipsera. Amayi, kuluka kukamawawa kapena kutulutsa tizilonda m'mphepetemu, masulani, ngakhale mutalipira ndalama zambiri ku saluni. Ndipo ana aang'ono tisamawaluke mokoka chonchija pofuna kuti aoneke bwino pa Khirisimasi. Amayi nawo amakhala ndi kuchepa kwa tsitsi kwa kumtundu, koma kwawo kumayambira pakati pa mutu, tsitsi kumapyapyala ponseponse, mzere wa pachipumi n'kukhalabe.

Yambani ndi kujambula

Ichi ndiye chinthu chimene ndikanakonda mnyamata aliyense atachita asanagule kalikonse. Diso limanama. Tsiku limene mwakhumudwa mutu umaoneka wopanda kanthu, tsiku losangalala umaoneka wodzaza. Mkazi wanga ndi amene anayamba kundijambula. Ndinkakhala pampando womwewo pakhonde, m'mawa dzuwa lisanakwere, tsitsi louma, litametedwa pa saizi yomweyo, iye n'kujambula kutsogolo, mbali zonse ziwiri, kenako n'kuimirira pamwamba panga kujambula liwombo. Kamodzi pamwezi n'kokwanira. Zithunzizo muzizisunga pamalo amodzi mufoni, chilichonse ndi deti lake. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi mudzakhala ndi umboni, osati mantha chabe.

Madokotala ali ndi muyezo wawo wa dazi la amuna, umene anayamba Hamilton yemwe uja mu 1951, O'Tar Norwood n'kuukonza mu 1975. Uli ndi masitepe 7, kuyambira tsitsi lathunthu mpaka pomwe latsala la m'mbali lokha. Fufuzani zithunzi zake pa intaneti muyerekeze ndi zanu. Mmene mwafotokozeramu mukadali kumayambiriro, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino, chifukwa mankhwala amateteza bwino tsitsi limene lilipo kusiyana ndi kudzutsa lomwe linapita kalekale.

Zithunzi zimathandizanso kuzindikira ngati si dazi n'komwe. Tsitsi likachoka mwadzidzidzi n'kusiya kabwalo kosalala kozungulira, kapena pamalopo pakuyabwa, pali mamba kapena mafinya, kapena likuyoyoka mutu wonse patapita miyezi iwiri kapena itatu chidwalireni malungo aakulu, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kuchipatala. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro nazonso zimathothola tsitsi.

Ine ndinadzayamba kupaka mankhwala chipumi chitapita kale. Paliwombo panagwira, kutsogolo sikunabwerere. Lero ndimameta lalifupi kwambiri ndipo chipewa ndimavala dzuwa likaswa mtengo basi. Kumeta mpala si kugonja, ndipo amene wasankha zimenezo asamunyoze munthu. Koma akhale atasankha akudziwa kuti njira ina inalipo.

Mankhwala oyesedwa ndi awiri. Minoxidil ndi wopaka, poyamba anali wa kuthamanga kwa magazi, ndipo ku America anamuvomereza kukhala wa tsitsi mu 1988. Amuna amapaka wa 5 peresenti pakhungu louma la pamutu tsiku lililonse. M'masabata oyamba tsitsi likhoza kugwa kwambiri, musaleke. Sambani m'manja mukapaka, ndipo amphaka asamukhudze, amawapha. Finasteride ndi piritsi la 1 mg patsiku, lovomerezedwa mu 1997, limene limatsitsa DHT. Limeneli musagule mwa inu nokha. Pa kafukufuku woyamba, amuna pafupifupi 4 pa 100 anadandaula za kuchepa kwa chilakolako kapena mphamvu za m'banja, poyerekeza ndi 2 pa 100 mwa omwe anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Mwa ena limachepetsanso mbewu ya abambo, ndipo mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka. Popeza mukulowa m'banja, kambiranani ndi achikondi anuwo komanso dokotala wa khungu, ku Kamuzu Central kapena ku Queens, mutanyamula zithunzi zanu. Onse awiriwa amafuna miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti muone kusintha, ndipo mukasiya, tsitsi limene mankhwalawo anateteza limagwanso ndipo dazi limapitiriza, choncho werengani mtengo wake wa chaka chonse musanayambe. Zopita ku Istanbul, ku Turkey, kukaokeretsa tsitsi zisiyeni kaye, pa zaka 26 dazi silinakhazikike, ndipo khungu lathu lakudali mwa ena limatupa zipsera likachekedwa.

Pa tsiku la ukwati tsitsi silidzakhala litabwerera, nthawi yachepa. Pezani wometa waluso sabata imeneyo, achepetse m'mbalimu kuti pamwamba pasaoneke kusiyana kwambiri, ndipo chithunzi choyamba cha liwombo mujambule mawa m'mawa.