Funsani Adokotala: Mankhwala a timatumba ta mu impso afika pati?

Funso: Adokotala, bambo anga anamwalira ndi matenda a impso. Sikani yasonyeza kuti nanenso ndili ndi timatumba ta madzi mu impso zonse ziwiri, ndipo ndili ndi zaka 34. Kodi akatswiri apezapo mankhwala? Mayi wa ku Mufakose, Harare.

Yankho: Pepani mayi ndi imfa ya bambo. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi ADPKD, matenda akumtundu ochititsa timatumba ta madzi tambiri mu impso. Gwero lake ndi jini (kachidutswa ka malangizo achibadwa amene timatengera kwa makolo) yowonongeka, kawirikawiri PKD1, mwa ena PKD2, yomwe matenda ake amachedwerapo. Kholo likakhala nayo, pafupifupi theka la ana amatengera.

Jiniyo ikawonongeka, maselo a m'timachubu ta impso amaswana mopyola muyeso n'kumathira madzi m'timatumbato. Chimene chimasonkhezera zimenezi ndi cAMP, kemikolo yopereka uthenga mkati mwa selo, yomwe imakwera holomoni yosunga madzi m'thupi ya vasopressin ikagwira pamalo a selo otchedwa V2. Apa ndi pomwe ofufuza anapambana. Mankhwala a tolvaptan amatseka V2, ndipo pa kafukufuku wa TEMPO 3:4 wa mu 2012, impso za omwa mankhwalawa zinkakula ndi 2.8 peresenti pachaka, pamene za osamwa mankhwalawa zinkakula ndi 5.5 peresenti. America inawavomereza mu 2018. Sachiritsa ayi, amangochedwetsa. Wodwala amakodza malita ambiri usana ndi usiku, ludzu silitha, ndipo chiwindi chimayezedwa mwezi uliwonse kwa miyezi 18 yoyamba. Ndi odulanso, choncho amaperekedwa kwa amene matenda awo akuthamanga.

Njira zina zinagwiritsa mwala. Mankhwala a sirolimus ndi everolimus, otseka mTOR (puloteni yolimbikitsa maselo kukula), sanateteze mphamvu ya impso pa kafukufuku wa mu 2010, ndipo kuyesa mankhwala a venglustat kunaimitsidwa mu 2021. Zomwe zikuyesedwabe ndi metformin, mankhwala a shuga odzutsa AMPK (puloteni yoyang'anira mphamvu m'selo), komanso mankhwala otseka miR-17, kamolekyu kamene kamachepetsa puloteni yochokera ku PKD1. Kwa ife njira yachiwiriyi ndi yopatsa chidwi chifukwa ikulunjika pafupi ndi gwero. Koma musayambe kumwa metformin panokha.

Pakali pano gwirani BP, poti ikakwera imawononga impso msanga. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi tiyisupuni imodzi, kuwerengera ndi wa m'kapenta ndi matemba. Imwani madzi okwanira, ndipo pewani mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac. Pemphani kalata ku kiliniki kuti mukaonane ndi dokotala wa impso ku chipatala cha Parirenyatwa, akayeze creatinine (zonyansa za m'magazi zosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito) ndi kukula kwa impso zanu. Abale anu a mimba imodzi nawonso akhoza kukapanga sikani.