Yankho: kodi ku Japan mkazi amakakamizidwa kutenga dzina la mwamuna?

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti mkazi wa ku Japan akakwatiwa amasiya dzina la makolo ake. Ndime 750 ya malamulo awo a Civil Code imangonena kuti okwatirana akhale ndi dzina limodzi, la mwamuna kapena la mkazi. Polembetsa ukwati ku ofesi ya mzinda, pafomu pamakhala timabokosi tiwiri, ndipo mukapanda kuchonga kamodzi fomuyo salandira. Papepala zikuoneka zachilungamo, koma pa maanja 100 alionse pafupifupi 95 amatenga la mwamuna. Mwamuna amasintha kawirikawiri ngati kwa apongozi kulibe mwana wamwamuna wodzatenga bizinesi kapena munda.

Chintchito chonse chosintha dzina chimagwera mkazi: kubanki, pasipoti, laisensi, inshuwalansi. Kuyambira 2019 dzina lakale limatha kulembedwa pambali pa latsopano pa khadi la My Number (chitupa cha boma chozindikiritsa munthu), komabe mabanki ena amavuta. Khoti Lalikulu Kwambiri la ku Japan linati lamulo la dzina limodzili lili bwino mu 2015, n'kubwerezanso mu 2021.

Ena amangokhalira limodzi osalembetsa. Apa mpamene pagona vuto: mmodzi akamwalira popanda wilu, mnzakeyo salowa pa chuma, komanso sachotseredwa msonkho wa okwatirana.

Ngati ndinu Mmalawi mukukwatirana ndi Mjapani, lamuloli silikukhudzani, aliyense amasunga lake. Mjapaniyo akafuna lanu akalembetse pasanathe miyezi 6 chikwatiranireni. Akachedwa, n'kudzera kukhoti la za mabanja.